Zala pa Msana wa Chidole

1. Kuseka kwa m'kalasi

Filimu inatha. Inali yaifupi. Kuseka ndiye kunatalika.

Linali tsiku la kalabu ya zojambula. Madesiki anali atakankhidwira kukhoma. Madamu, aphunzitsi oyang'anira kalabuyo, anali atalumikiza foni ku kanema wa sukulu. Gulu lililonse linkaonetsa pomwe lafika ndi filimu yake ya zidole. Yabwino koposa inkayenera kupita ku mpikisano wa masukulu teremu ikamatha.

Filimu yosekedwayo inali ya Kamphepo ndi mnzake Magalasi.

Kamphepo anali mtsikana wa Fomu 3. Dzinali anampatsa ndi anzake chifukwa sankatha kukhala pansi. Poyenda ankathamanga. Pakudya ankaimirira. Magalasi anali wosiyana naye. Anali mnyamata wamtali, wofatsa, wovala magalasi omanga ndi ulusi mbali imodzi. Ukamufunsa funso, ankayamba wawapukuta kaye.

Ntchito anagawana bwino. Kamphepo ankaumba zidole ndi kuzisuntha. Magalasi ankajambula ndi foni ya kalabu. Kusuntha chidole, kujambula. Kusunthanso, kujambulanso. Zithunzizo zikathamangitsidwa motsatana, chidole chinkaoneka ngati chikuyenda chokha.

Chawocho sichinkayenda. Chinkadumpha. Chinali chidole cha mnyamata wogulitsa mabanzi, dengu lili pamutu. Anachitcha Wamabanzi.

"Wamabanzi wanuyu walumidwa ndi mavu kapena?" anakuwa wina kumbuyo.

"Ayi, waponda makala!" anayankha wina.

Madamu anamenya m'manja. Phokoso linazima.

"Zolakwika zilipo ziwiri," anatero Madamu. "Choyamba ndi chako, Kamphepo. Ukusuntha chidole kwambiri. Chithunzi ichi mkono uli pansi. Chotsatira uli kale kumwamba. Wadutsa pati? Diso la woonera likufunsa funso limenelo. Uzisuntha pang'ono, osaposa m'lifupi mwa chikhadabo chako."

Anabweza filimuyo n'kuiimitsa.

"Chachiwiri nachi. Apa Wamabanzi ndi wamtali, khosi lowongoka. Apa wafupika, mapewa atambalala. Kodi ndi yemweyu, kapena ndi mkulu wake? Zomwe munajambula tsiku lina sizikugwirizana ndi za tsiku lotsatira. Chidolechi chikusintha mukachokapo. Alipo amene akuchigwira?"

"Palibe, Madamu," anayankha Kamphepo. Anacheukira Magalasi. Magalasi ankapukuta magalasi ake.

Madamu anayang'ana kalasi yonse.

"Ndibwereze zomwe ndinanena tsiku loyamba. Mpikisano umatenthetsa mitu. Ndaonapo ana anzeru akubisirana mabatire, akufufutirana zithunzi, akuponderana zidole ngati mwangozi. Muno sindifuna zimenezo. Amene ndimve kuti waononga ntchito ya mnzake, wa gulu lake kapena la ena, atuluka m'kalabu tsiku lomwelo. Ku mpikisano sapita. Makolo ake ndiwaitana. Sindidzafunsa kuti amakhoza bwanji m'kalasi. Mwamva?"

"Tamva, Madamu."

Potuluka, Kamphepo anaona chinthu china. Msuweni wa Magalasi, amene ankatsogolera gulu lopikisana nawo, anakoka Magalasi pa malaya. Anamunong'oneza m'khutu. Magalasi anamwetulira.

Kamphepo anakumbukira kumwetulira kumeneko njira yonse.

2. Chipinda cha fulawa

Kamphepo ankakhala ndi azakhali ake, mwini bekale ya pakona ya msewu. Kumbuyo kwa bekaleyo kunali kachipinda kosungiramo katundu. Munali matumba a fulawa, makatoni a yisiti, mathireyi akale opindika. Filimu ankajambulira mmenemo.

Zenera analitseka ndi thumba kuti dzuwa lisamasinthe kuwala. Anaika nyale ya magetsi. Tebulo analikankhira kukhoma, pomwe panali soketi. Miyendo yake anaizunguliza ndi choko pansi kuti ikasuntha adziwe. Foni ankaimanga ndi mphira pa chitini chodzaza mchenga. Dongo linali la m'sitolo, lija la mitundumitundu losauma, lomwe Madamu anagawira magulu onse.

Chipindacho chinali ndi chitseko chotulukira kukanjira ka kuseri. Makiyi analipo awiri. Ina ya azakhali. Ina anapatsa Magalasi, chifukwa Kamphepo akaweruka ankayamba watsuka mathireyi.

Madzulo a tsikulo anatsuka mothamanga. Atakankha chitseko, Magalasi anali ataweramira patebulo. Anadzidzimuka. Analowetsa kanthu m'thumba la buluku.

"Wabisa chiyani?"

"Palibe. Mapensulo basi."

"Mapensulo amabisidwa?"

"Sindinabise, aise. Ndaika m'thumba."

Kamphepo sanapitirize. Anakokera nyale pafupi ndi Wamabanzi. Anamuzungulira ndi maso. Kutsogolo kunali bwino. Kumsana ndiye kunali zidindo ziwiri za zala. Zakuya, zooneka mizere.

Iye akamaliza kusuntha chidole ankachisalaza ndi kumbuyo kwa supuni. Sankasiya chidindo. Anayerekeza chala chake chachikulu. Chinachepa.

"Zala izi n'zandani?"

Magalasi anavula magalasi.

"Tandimvera kaye, Kamphepo. Ine ndikuganiza kuti tebulo ili tilisunthe. Lichoke kukhomaku. Komanso tiike waya m'kati mwa chidole, chifukwa..."

"Tisunthe tebulo? Ndiye zonse tajambulazi? Kuwala kusintha, mithunzi isintha, zonse zitayika."

"N'zoona. Tiyambirenso. Koma khomali..."

"Tiyambirenso! Pano? Anzathu ali pafupi kumaliza, ife tiyambirenso? Nzeru zimenezi wakupatsa ndani?"

"Palibe wandipatsa."

"Tebulo silisuntha. Ndipo chidole changa usamachigwire. Ntchito yako ndi foni."

Magalasi anavalanso magalasi. Tsikulo anajambula zithunzi zochepa, osayang'anana.

Magalasi atapita, Kamphepo anatsegula kabokosi ka nsapato komwe kankakhala kuseri kwa matumba. Munagona chidole chachiwiri, cha mbali yomaliza ya filimu. Chinali cha mayi wolusa, mwini bekale, manja ali m'chiuno. Duku lake analidula ku duku lakale la azakhali. Pambali pa mphuno anaikapo kadontho kakuda, pomwe azakhali anali nako. Tsiku lomwe Kamphepo ankachiumba, Magalasi anaseka mpaka kugwa pa thumba la fulawa. Anagwirizana kuti azakhali asachione mpaka mpikisano utadutsa.

Anachiyang'ana kumsana. Panalibe zala. Anatseka bokosilo.

3. Chenjezo la azakhali

Azakhali ankapukuta kauntala. Makasitomala anali atatha. Anali mayi wa thupi, wa mawu akulu, epuloni ili mbuu ndi fulawa.

"Nkhope yagwa bwanji? Zidole zakukana?"

"Atiseka kusukulu, Azakhali."

"Nanga mnzako wamaso anayiyo? Khama lonse lija, kulawirira m'mawa uliwonse, mapeto ake kusekedwa?"

Kamphepo anasiya thireyi yomwe anagwira.

"Kulawirira kuti?"

"M'chipindamo. Iwe ukanyamuka ndi njinga kukapereka buledi m'mashopu, pakapita kanthawi iye wafika. Yunifolomu atavala. Amalowa, amakhalamo pang'ono, amatuluka. Ine ndimati mwatumana."

"Sitinatumane."

Azakhali anaponya nsanza pa kauntala. Anakoka mpando.

"Takhala pansi, mwanawe. Ndikudziwa kuti kukhala pansi kumakuwawa, koma khala. Waiona bekale ija ya tsidya lina la msewu, yopaka utoto wachikasu? Mwini wake anali mnzanga. Tinkakanda limodzi mtanda patebulo limodzi. Ankanditcha achemwali. Ndikadwala, ankatsegula ndi iye. Ndinampatsa kiyi, monga wachitira iwemu. Ndinamuonetsa muyezo wanga wa yisiti, womwe ngakhale bambo ako sindinawauze. Tsiku lina anati akupita kukaona odwala. Patapita mwezi, ndinaona chikwangwani tsidya lija. Mabanzi ake kukoma ngati anga. Mashopu anga theka anapita naye. Mpaka lero tikakumana amandipatsa moni, mano onse panja. Ndiye ndikuuze. Munthu wofatsa umuope kuposa waphokoso. Waphokoso umamumva akubwera. Wofatsa umangopeza zachitika. Mnzakoyo ali ndi m'bale ku gulu linalo, eti? Magazi ndi magazi. Iwe ndiwe mnzake wa m'kalasi chabe. Mawa ukawauze aphunzitsi ako. Usadikire kuti akumalize. Ndipo kiyi yanga ibwere."

Kamphepo anaimirira.

"Mawa ndipita, Azakhali."

"Eya. Ndipo thireyi iyo sinayere."

4. Pakhomo la Madamu

Pa nthawi yopuma, Kamphepo anagogoda pa chipinda cha aphunzitsi. Madamu anali okha, akuchonga makope.

"Madamu, funso lija munafunsa dzulo. Loti alipo akugwira chidole chathu. Ndapeza zala kumsana kwake. Si zanga."

Madamu anaika cholembera pansi.

"Ukumudziwa mwini zalazo?"

"Ndikuganiza kuti ndikumudziwa."

"Unamuona?"

"Ayi. Koma..."

"Ima pomwepo." Madamu anatukula dzanja. "Usanatchule dzina, umve izi. Ukalitchula, sindingathe kulibweza m'kamwa mwako. Ndinalonjeza pamaso pa kalabu yonse. Ndimuitana munthuyo. Ndiitana makolo ake. Ngakhale pambuyo pake zitadziwika kuti sanalakwe, anzake azidzamuloza mpaka amalize sukulu. Ana saiwala zinthu zotere. Ineyo ndinachotsapo mwana m'kwaya chifukwa cha mawu a munthu mmodzi. Sindikuuza kuti zinatha bwanji, koma kuyambira pamenepo ndimafunsa kuti, unaona? Ngati wina akuonongadi ntchito yako, ndikufuna kumudziwa, ndipo sindimunyengerera. Koma iwe vuto lako ndalidziwa kudzera m'filimu yako. Umadumpha. Mkono pansi, mkono kumwamba, pakati palibe. Pano uli ndi zala pa dongo, ndipo uli ndi dzina m'mutu. Pakati pake pali chiyani? Zithunzi zapakatizo zili kuti? Ndikukupatsa mwayi wosankha. Tchula pano, ndichitepo kanthu lero. Kapena pita, ukaone bwino, ubwere ndi chomwe waona."

Kamphepo anayang'ana pazenera. Pabwalo, Magalasi anali atakhala pa benchi ndi msuweni wake uja. Ankagawana chakudya. Msuweniyo ankalankhula, akuloza ndi chala. Magalasi ankangogwedeza mutu.

Dzinalo linafika pa lilime. Analuma mlomo.

"Ndikaona kaye, Madamu."

"Chabwino. Tseka chitseko potuluka. Pang'onopang'ono."

Chitseko chinamenyeka ndithu.

5. Msampha

Madzulo ake Kamphepo sanakangane ndi Magalasi. Anasuntha chidole. Magalasi anajambula. Pomaliza anasalaza Wamabanzi ndi supuni mpaka zala zonse zinafufutika. Anamuimika chilili, dengu lili bwino pamutu.

"Foni ndisunga ine lero," anatero. "Ndikufuna ndionenso zomwe tajambula."

Magalasi anaipereka osafunsa.

Pa foniyo panali njira ina. Ukaitchera, inkajambula yokha chithunzi chimodzi pakapita kamphindi, kenako china, kenako china, munthu osaigwira. Magalasi ndi amene anamuonetsa njirayo pomwe ankayamba kumene. Anajambulira mitambo pabwalo la sukulu.

M'mawa kutangocha, azakhali akuyatsa uvuni, Kamphepo analowa m'kachipinda kaja. Munali mozizira. Anakwera pa thumba. Anaika foni pa shelefu yapamwamba, pakati pa makatoni awiri a yisiti, diso lake litaloza patebulo ndi pachitseko. Chingwe cha chaja anachidutsitsa kuseri kwa matumba. Nyale anaisiya yoyaka.

Anatuluka. Anakweza makireti a buledi panjinga.

"Wawauza aphunzitsi?" anafunsa azakhali ali pakhomo la uvuni.

"Ndiwauza ndikakhala ndi umboni."

"Umboni! Wasanduka wapolisi tsopano? Ine umboni wanga unali chikwangwani chachikasu."

Kusukulu tsikulo Kamphepo sanamve chilichonse. Magalasi anafika mochedwa pang'ono, ali ndi fulawa pa bondo la buluku. Anamupatsa moni. Kamphepo anayankha ndi mutu.

Belu lomaliza litalira, anathamanga. Mathireyi sanawayang'ane n'komwe. Anatenga kiyi ya azakhali pa msomali n'kutsegula chipindacho.

Wamabanzi anali chiimire. Koma m'khwapa mwake monse munali mapensulo awiri, omuchirikiza ngati ndodo za munthu wothyoka mwendo. Kumsana kunali zala zatsopano.

Anatsitsa foni.

6. Zomwe foni inaona

Anakhala pa thumba la fulawa n'kudina.

Chipinda chopanda munthu. Chitseko chotseka. Wamabanzi ali chilili.

Kenako Wamabanzi anayamba kuyenda.

Palibe anamugwira. Mutu unayamba kutsika. Pang'ono. Pang'ono. Khosi linalowa m'mapewa. Mawondo anapinda. Dengu linapendekeka. Msana unawerama ngati wa munthu amene wayenda tsiku lonse osagulitsa kanthu. Sanadumphe ngakhale kamodzi. Ankangotsika, mofewa, mpaka chipumi chinatsala pang'ono kugunda tebulo.

Tsitsi linamuimirira Kamphepo. Anayang'ana chidole chili patebulo. Anayang'ananso foni.

Pa kanemayo chitseko chinatseguka. Analowa Magalasi, chikwama kumsana. Zithunzi zinkamuonetsa mwachangu, koma zonse zinkaoneka. Anagwira khoma n'kubweza dzanja msanga. Anagwada. Anadzutsa Wamabanzi ndi zala ziwiri kumsana. Anawongola khosi. Anabweza dengu. Anatulutsa mapensulo m'thumba n'kumuchirikiza. Anatenga chikuto cha katoni n'kumukupiza.

Kamphepo anaimirira. Anaika chikhato pa khoma la kuseri kwa tebulo. Linali lofunda pang'ono chabe, ngati kapu yomwe tiyi wathamo kale. Anatsamira khutu. Mbali inayo anamva azakhali akukoka mathireyi.

Uvuni. Khomalo linali msana wa uvuni. M'mawa wonse linkatentha, dongo n'kufewa. Kuphika kukatha masana linkazizira, dongo n'kulimbanso. Iye m'mawa sankakhalamo m'chipindamo.

"Ndiye ndine ameneyo?"

Kamphepo anatembenuka. Magalasi anali ataima kumbuyo kwake, kiyi ili m'manja. Maso ake anali pa foni, pomwe iye mwini ankaoneka akukupiza chidole. Kamphepo anaimitsa kanemayo.

Magalasi anayang'ana shelefu. Anaona mpata pakati pa makatoni a yisiti. Anaona chingwe.

"Wanditchera."

"Inde."

"Ndi njira yomwe ndinakuphunzitsa ine."

"Inde."

"Unapitanso kwa Madamu. Ndinakuona dzulo ukutuluka."

"Ndinapita. Dzina sindinatchule."

"Koma linalipo."

Kamphepo anafuna kukana. Sanakane.

"Linali pa lilime penipeni."

Magalasi anakhala pa thumba lina. Magalasi ake aja sanawavule.

"Ukudziwa zomwe bambo anga akanachita akanaitanidwa kusukulu? Kalabu anandilola movutikira. Amati ndi masewera a ana."

"Nanga bwanji sunandiuze za khomali?"

"Ndinayamba kukuuza. Dzana. Ndinafika pa mawu oti khoma. Unandilola kumaliza?"

Kamphepo anayang'ana pansi, pa mizere ya choko.

"Tsiku lina ndinaiwala buku muno," anapitiriza Magalasi. "Nditabwera m'mawa kudzalitenga, ndinapeza Wamabanzi atagwada ngati akupempha chikhululukiro. Ndinamudzutsa. Ndinkati ndikuuze madzulo, koma tsikulo unali utandikalipira kale chifukwa ndinati mkono ukudumpha. Ndiye ndinangoti bola ndizimudzutsa. Ndimayesetsa kumubwezera mmene analili. Sindimatha. Kuumba ndi kwako. N'chifukwa chake ankasintha msinkhu."

"Ukanakuwa. Ukanandigwira pakamwa."

"Mwina. Nanenso ndinalakwa kugwira mobisa. Koma ine sindinakuganizirepo kuti ndiwe mdani."

"Nanga msuweni wako? Zonong'onezana zija?"

"Amandiuza kuti ndikusiye, ndilowe gulu lawo. Akuti iwe sumva za munthu. Ndakhala ndikukana."

"Nanga pano?"

"Pano sindikudziwa."

Kuseri kwa khoma thireyi inagwa, azakhali n'kuitukwana.

"Ndakulakwira, mnzanga," anatero Kamphepo. "Ndilibe choti ndiwonjezerepo. Ndakulakwira."

7. Tebulo ndi kiyi

Magalasi anayang'ana foni ija. Anatambasula dzanja.

"Tabweretsa foniyo. Ubweze poyambirira. Osati pomwe pali ine. Pomwe akuwerama."

Anaonera limodzi, mitu itayandikana. Wamabanzi anatsikanso. Khosi, mawondo, msana.

"Waona?" anatero Magalasi. "Pa zonse tajambula, chabwino n'chimenechi. Ndipo wajambula ndi uvuni."

Kamphepo anaimitsa kanemayo. Anayamba kudutsa chithunzi chimodzichimodzi. Choyamba ndi chachiwiri zinkaoneka zofanana. Chachiwiri ndi chachitatu chimodzimodzi. Kusiyana kwake kunali kochepa kuposa chikhadabo. Koma zikathamanga, munthu ankamva kutopa kwa Wamabanzi m'mawondo mwake.

"Ndiye Madamu ankanena zimenezi."

"Komanso taona mutu. Ukuyamba ndi mutu, thupi likutsatira pambuyo. Iwe umasuntha zonse nthawi imodzi."

Kamphepo anatsegula pakamwa kuti ayankhe. Anatsekanso.

"Pitiriza," anatero. "Chinanso?"

Magalasi anamuyang'ana ngati waona chachilendo.

"Waya m'miyendo ndi mumsana. Waya wa mahang'ala akale opachikira zovala akwana. Mapazi tiziwabaya ndi mapini pa katoni kuti asamatsetsereke. Tisanayambe tsiku lililonse, tiziyang'ana chithunzi chomaliza cha dzulo lake, tifananize. Ndipo tebulo lichoke pamenepo."

"Zonse tajambulazi zitayika."

"Zitayika."

"Nthawi yatsala yochepa."

"Tifupikitse nkhani. Bola yaifupi yoyenda kusiyana ndi yaitali yolumidwa ndi mavu."

Kamphepo anayang'ana mizere ya choko yomwe anailemba yekha. Anaipukuta ndi phazi, mwendo ndi mwendo. Anachotsa Wamabanzi mosamala n'kumuika pa shelefu. Anagwira mbali imodzi ya tebulo. Anadikira.

Kudikira kunamuvuta. Anadikirabe.

Magalasi anaimirira. Anagwira mbali inayo. Analinyamula mpaka pakati pa chipinda, kutali ndi khoma.

"Mawa ndikawauza Madamu kuti wolakwa wapezeka," anatero Kamphepo. "Ndi uvuni wa azakhali. Aitane makolo ake."

Magalasi anaseka pang'ono. Kuseka kwake sikunakhalitse. Analowetsa dzanja m'thumba, natulutsa kiyi ija. Anaiika patebulo.

"Sunga."

"Iai, aise. Tenga. Zatha."

"Filimu timaliza limodzi. Waya ndibweretsa mawa. Koma muno ndizilowa iwe ulimo. Sindikufuna ndizilowa n'kumayang'ana m'mashelefu."

Anatenga mapensulo ake awiri. Anatuluka. Chitseko anachitseka pang'onopang'ono.

Kamphepo anatsala ndi kiyi. Anaigwira. Inali yofunda ndi m'thumba la mwini wake. Anaiika m'chitini cha mchenga kuti asamaione.

Anatenganso foni kuti afufute mbali yomwe munali Magalasi. Apa m'pomwe anaona kuti kanemayo sanathe. Anali ataimitsa pakati. Anadina.

Magalasi anamaliza kukupiza. Anatuluka. Chipinda chinakhalanso chopanda munthu.

Kenako chitseko chinatsegukanso.

Analowa azakhali, atanyamula mbale yotungira fulawa. Anakoka thumba limodzi. Anaima. Anawerama kuseri kwa matumba. Anadzuka ndi kabokosi ka nsapato. Anatsegula. Anatulutsa mayi wa dongo uja, manja m'chiuno. Anamuyandikiza ku nyale. Anagwira kaduku. Kenako, pang'onopang'ono, anakweza chala n'kukhudza kadontho ka pambali pa mphuno yawo.

Chithunzi chotsatira, chidole chinali m'thumba la epuloni.

Kamphepo analumphira kuseri kwa matumba. Bokosi linalipo. Munali mbee.

"Kamphepo!" Mawuwo anadutsa khoma la uvuni ngati palibe khoma. "Wapolisi wanga! Tabwera kuno, ndili ndi mlendo akufuna kukuona!"